Hutala Yolira Ngati Tsekwe

Amene mumandiona masiku ano mumsewu wa ku Bangula pa njinga yamoto yofiira, number plate ikunyezimira kumbuyo, mwina mumati munthu uja zake zinayera. Simudziwa kuti njinga imeneyi isanaone khomo la Road Traffic inayamba yagona kupolisi. Amene anaigonetsa kumeneko ndimuulula lero, ngakhale mkazi wanga wachenjeza kuti nkhaniyi ikafika patali, kutchalitchi tiziyenda wina patsogolo wina pambuyo. A kwa Tengani akuidziwa kale, ndipo sanamalize kuseka.

Gwero la zonse ndi alamu anga a Zuze.

A Zuze ndi mlongo wake wa mkazi wanga Esinta, ndipo ine ndili pachikamwini pamudzi pawo. Za kwathu kuno mukuzidziwa: mwana ukhoza kubereka ndiwe, koma mwini mbumba ndi malume. Zimenezo ndinkapirira. Chimene sindinkapirira ndi njinga yawo yamoto.

Ntchito yanga inali yotenga nsomba kudoko pa njinga yakapalasa n'kukagulitsa kumsika, madzulo n'kuthamangira ku night school. Ndikafika pakhomo thukuta lili kamukamu, fungo la milamba lili paliponse, mwana wanga Malita ankandilandira bwino ndithu. Ankakhala pamiyendo panga n'kumasewera ndi ndevu zanga. Koma injini ya amalume ake ikangomveka chapatali, ankadumpha ngati wakhalira linthumbu.

"Amalumeee! Amalumeee!"

Ine n'kutsala ndi fungo langa.

Tsiku lina anaima pafupi ndi njinga yanga, akuiyang'ana mwachifundo.

"Ababa, yanuyi bwanji siilira?"

Ndinaliza belu. Ngiri! Ngiri!

"Ayi ababa. Kulira kwenikweni."

Abale, ndinatukwanidwapo ndi oledzera, ndinalepherapo masamu pamaso pa kalasi yonse, koma palibe chinandilasa ngati mawu a kamwana kameneka.

Ndiye nditamva kuti esiteti ina ya nzimbe ikugulitsa njinga zakale za alonda a m'minda, ndinagulitsa mbuzi zanga n'kupita. Ndinakapeza chinjinga chachitali miyendo ngati kakowa, matayala a mano ngati ng'ona, matope ouma thupi lonse moti mtundu wake sunkadziwika, pa thanki pali kachiphompho kosonyeza kuti inagundapo chinthu. Nyali inalibe. Magalasi, indicator, hutala, zonse kunalibe. Number plate inali isanaionepo chibadwire, poti moyo wake wonse inkangothamanga m'nzimbe. Koma injini itangolira, m'maso mwanga ndinaona kale Malita akuthamangira ine, amalume ake atatsala kukamwa kuli yasa.

Ndinaikweza pa lole mpaka kwa a Fombe, makaniko wa pa Bangula, kuti aisandutse njinga yoyenda pamsewu ngati zinzake. Malamulo ake ndinawaloweza kuposa za mayeso. Njinga ikhale ndi nyali, magalasi, ma indicator ndi hutala. Ikatero ikwere lole kupita ku Blantyre kukalembetsa, ipeze inshuwalansi ndi number plate, ndiye izidzaponda tala. Munthu wa night school sachita zinthu mwachimbulimbuli.

Zipangizo ndinkagula chimodzichimodzi, nsomba zikayenda bwino. N'chifukwa chake magalasi anali osiyana, lina lozungulira, lina lamakona. Hutala anasankha Malita. Wogulitsa atailumikiza ku batire inalira ngati tsekwe wopondedwa phazi. Kwaaak! Mwana anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Ndinagula yomweyo, ndipo pomwepo ndinamulonjeza:

"Woyamba kukwera ndiwe. Osati amayi ako, osati abusa, osati amalume."

Kwa Esinta ndinanena chimodzi chokha: "Alamu asadziwe. Ndikufuna adzangoona fumbi."

"Mwamva inu, bambo a Malita," anatero iye. "Mpikisano muli nokha, anzanu sakudziwa kuti kuli mpikisano."

Vuto linali a Fombe. Ndikapita kukaona, yankho linali limodzi.

"Lero nkhabe, achimwene. Mangwana."

Mawa la a Fombe silifika. Mwezi unatha, wina n'kutha. Ndinayamba kuonda. Esinta anati ndikumalankhula kutulo za ma indicator.

Kenako zinthu zinayamba kundikayikitsa. Tsiku lina ndinapeza pamalo pamene njinga yanga inkaima pali mbee.

"Ili kuti?"

"Ili kuseri, ikuuma."

"Ndiione."

"Penti yaiwisi siionedwa ndi mwini wake, imachita makwinya."

Ndikutuluka, ndinaona a Zuze atakhala pa tayala pansi pa mtengo wa nimu, akumwa thobwa la a Fombe ngati kwawo. Atandiona anabisa nkhope m'chikho. Kunyumba nako Esinta anayamba kumanong'ona pa foni kuseri kwa nkhokwe, n'kumaseka, ndikatulukira n'kudula. Ndikafunsa, akuti, "Ndi achimwene, za kumunda." Za kumunda zoseketsa choncho zinayamba liti?

Linafika tsiku la msika. Dzuwa linali lija la kuchigwa kuno, lowotcha ndi mthunzi womwe. Ndinkakankha njinga yanga ndi dengu la nsomba pafupi ndi roadblock, pamene kumbuyo kwanga kunamveka:

Kwaaak!

Ndinaima pomwepo. Kulira kumeneko ndikanakuzindikira ngakhale pakati pa atsekwe enieni.

Nditacheuka ndinaona a Zuze akutuluka m'kanjira ka m'minda, akukankha njinga yofiira psuu, yonyezimira ngati yochokera m'shopu, mpando watsopano, keliyala yakuda kumbuyo. Anthu anasiya malonda n'kumaiyang'ana. Wina anafuula, "A Zuze, mwagula yachiwiri?"

Yachiwiri! Ine ndagulitsa mbuzi zonse chifukwa cha chiphakasa chimodzi, iwo akuwonjezera ina ngati akugula tomato!

Ndiye ndinaona magalasi. Lina lozungulira. Lina lamakona.

Zonse zinalumikizana m'mutu mwanga, ndipo ndinadzitamandira kuti sukulu sinapite pachabe. Thobwa lija! Manong'onong'o aja! A Fombe achotsa zipangizo zanga n'kuika pa njinga yatsopano ya a Zuze. Mawa lino Malita amva hutala imene anasankha yekha ikulira pa njinga ya amalume ake, ndipo ine nditha ngati makatani.

Pa roadblock panali a sajeni ena, mayi wa maso osaseka. Anali otanganidwa ndi minibasi, ndipo munthu wokankha njinga analibe naye ntchito. Ndinatsamiritsa njinga yanga pamtengo n'kuthamanga.

"Bwana! Bwana! Taonani kumbuyo kwa njinga iyo! Number plate palibe!"

A Zuze anatong'ola maso. "Alamu, tabwerani kuno kaye, ndikuuzeni kanthu."

"Muwauze a bwana!"

A sajeni anaizungulira njinga ija pang'onopang'ono. "Zoona, palibe. Koma bamboyu akukankha. Kukankha si mlandu."

"Akukankha pano pokha, bwana! Tagwirani injini, ikutentha!"

"Alamu," anatero a Zuze, "kuno n'chiyani chimene sichikutentha? Gwirani mutu wanu muone."

Anthu anaseka. Kusekako kunandiwonjezera moto.

"Ndadzera m'minda, bwana, tala sindinaponde," anapitiriza a Zuze. "Ndikungoifikitsa kunyumba, Lolemba ikwera lole ya thonje kupita ku Blantyre kukalembetsa."

A sajeni anagwedeza mutu. "Ngati zili choncho, kankhani muzipita."

"Ayi bwana!" Ndinaima kutsogolo kwa tayala. "Mwafunsa inshuwalansi? Ilibe! Taonani matayalawo, ndi a m'matope. Njinga imeneyi si yatsopano, ndi chiphakasa chopakidwa penti. Penti isakunamizeni! Mwini wake ndi munthu wongofuna kudzionetsera!"

"Pamenepo mwanena zoona, alamu," anatero a Zuze.

Anandiphinira diso, kenako linalo, mpaka nkhope yonse inkagwedera.

"Mwaona bwana? Akundiphinira diso kuti ndikhale chete. Sindikhala chete! Magalasi awa ndi anga. Hutala iyi ndi yanga. Ndinagula ndi thukuta langa, andibera!"

Nkhope ya a sajeni inasintha. "Kuba? Mukunena kuba?"

"Kuba kwenikweni!"

"Alamu, njinga iyitu ndi ya..."

"Khalani chete!" ndinawadula. "Mukalankhulira kukhoti!"

A Zuze anandiyang'ana. Kenako anapinda manja, n'kumwetulira kumwetulira kumene sindinakukonde.

"Chabwino. Malizani zonse, alamu. Musasiyeko kanthu."

Sindinasiyeko kanthu. Ndinatchula ndi ma indicator omwe. A sajeni analankhula pa wailesi yawo kuti kukubwera njinga yopanda number plate yokhala ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wakuba, ndipo isungidwe mpaka nkhani itaoneka mutu wake. Ndinapukuta thukuta ngati loya wopambana mlandu.

"Wodandaula ndi inu?"

"Ndine, bwana."

"Mboni?"

"Ndine ndemwe."

Anatembenukira kwa a Zuze. "Nanga mwini njinga ndi inu?"

A Zuze asanatsegule pakamwa, gulu la anthu linapatuka. Ndinaona Esinta atavala chitenje chake cha pa Khirisimasi, kumbuyo kwake apongozi ndi amayi ena a kwaya, amene anali akudikirira pansi pa mtengo chapafupi kuti aimbe nthungululu. Kutsogolo kwa onse kunkathamanga Malita, tsitsi lomangidwa bwino, manja m'mwamba.

Anadutsa amalume ake osawayang'ana n'komwe. Kwa nthawi yoyamba chibadwire! Anadzandikumbatira miyendo.

"Ababa! Njinga yanu yabwera! Amalume aibweretsa! Ndasunga chinsinsi, sindinanene!"

Ndinacheukira a Zuze. Anangondiloza ndi milomo.

Ndinayang'ana njinga ija kachiwiri. Miyendo ya kakowa. Mano a ng'ona. Pansi pa penti yofiira, pa thanki, panali kachiphompho komwe kaja kamene ndinakasisita tsiku logula.

Esinta anafika ali wefuwefu. "Bambo a Malita, chachitika n'chiyani? Ndinachita kuwachonderera achimwene kuti akawakhalire a Fombe pakhosi, poti inu munkatha thupi. Penti agula ndi iwo. Lole ya Lolemba apeza ndi iwo. Inali surprise!"

"Surprise yatheka, mlongo," anatero a Zuze. "Tonse tadabwa."

Msika wonse unagwa nacho chiseko. Amayi a kwaya, posadziwa chochita ndi nthungululu imene anakonzekera, anangoiimba basi. Apongozi anafunda chitenje kumutu n'kutembenuka.

"Bwana," ndinatero ndi mawu a mwanapiye, "ndikufuna kuthetsa mlandu."

"Uti? Wa kuba, wa inshuwalansi, kapena wa mwini wake wodzionetsera?" Maso osaseka aja anali atayamba kunyowa m'mbali. "Ndanena kale pa wailesi, bambo. Njinga ikafike kupolisi, mukafotokozere akuluakulu kuti munadzibera bwanji. Galimoto tilibe lero. Mwini wake akankhe."

Apa Malita anandikoka malaya. "Ababa, akutenga njinga? Munati woyamba kukwera ndine."

Zonse zija ndinapirira, koma izi zinandigonjetsa. Ndinayang'ana a sajeni. Iwo anayang'ana mwana, kenako kumwamba.

"Njinga yokankha ilibe lamulo la pasenjala," anatero. "Koma agwiritse."

Ndinamunyamula n'kumukhazika pa mpando watsopano uja. A Zuze anamuveka helmet yawo, imene inamufika m'mapewa, iwo n'kutenga njinga yanga yakapalasa ndi dengu la nsomba kumatitsatira pambuyo. Ndinakankha. Abale, njinga ya m'minda ndi yolemera ngati ng'ombe yokana dibi! Tinadutsa pakati pa msika, dzuwa lili paliwombo, a sajeni patsogolo, amayi a kwaya pambuyo, Malita chala chili pa hutala.

Kwaaak! Kwaaak!

"Ababa, injini siikulira!"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Ulemu unali utapita kale, panalibe chosunga. Ndinakoka mpweya.

"Vruuum! Vruuuum!"

Lole ya thonje inapita Lolemba popanda ife, ndipo njinga inagona kupolisi mpaka a Fombe atabwera kudzachitira umboni kuti wakuba ndi wobedwa ndi munthu mmodzi. Anabwera tsiku lomwe anaitanidwa, osati mangwana, poti akuti nkhani yotere sakanalola kuimva kwa ena.

Koma tsiku limenelo, tikufika pachipata cha polisi, ine malaya atamatirira pamsana, mawu atasasa, Malita anakweza helmet ndi manja awiri n'kucheukira amalume ake monyadira.

"Amalume, mwaona? Yanu imamwa petulo. Ya ababa injini yake ndi ababa!"

Kaduka akakutuma kupolisi, yamba wadziyang'ana pagalasi, makamaka ngati galasilo unagula wekha.