Makoma atatu adikire

Lolemba
Mkazi wanga NyaGondwe ali ku chipatala cha pa Boma, akudikirira. Anamwino akuti mwana wathu woyamba abwera sabata yamawa. Nthawi ilipo yambiri! Mwana wanga sangafikire m'chipinda chothimbirira chimene tamusungira chija. Dongosolo:
– Lachiwiri: kumata ming'alu, kugula penti
– Lachitatu, Lachinayi: kupenta
– Lachisanu: kukatenga kabedi kwa kalipentala
– Loweruka: kutsegula windo fungo lichoke.
Ndamufotokozera NyaGondwe. Waseka mpaka kugwira mimba: "Imwe na mapulani ghinu!"

Lachiwiri
Ming'alu yamatika. Penti ndagula, wobiriwira. Pobwerera wakabaza wadumphitsa njinga pa dzenje, chitini n'kutseguka. Theka la penti lili pa msewu wa ku msika, wina pa buluku langa lakuntchito. "Phepani chomene, bwana." Palibe kanthu, wotsalayu ndisungunulako ndi madzi. Dongosolo likadali chilili.

Lachitatu
Khoma limodzi latha, lokongola kwabasi! Masana pikiapu ya ku Euthini yaima pakhomo. Apongozi! Mayi a NyaGondwe, amene tinapangana kuti abwere Lamulungu. Akuti mtima sukuwakhazika pansi. Atsika ndi ufa, nkhuni, mphasa.
Zipinda n'ziwiri zokha, ndiye mphasa ayala m'chipinda cha mwana. Ine mkamwini kulowa mogona apongozi? Sizichitika. Ngakhale moni ndimawapatsa nditanjuta chapatali, maso pansi. Burashi yanga yatsekeredwa momwemo.

Lachinayi
Apongozi apita kuchipatala ndi phala. Ndaima pakhomo pa chipinda. Mulibe munthu, koma mphasa ilimo, zovala zawo zili pa chingwe. Mwendo wakana.
Nzeru: kumanga chiguduli ku nsungwi, kupentera pawindo ndili panja. Zotsatira zake:
– khoma lachiwiri ngati papalasa nkhuku
– phewa likuwawa
– madontho obiriwira pa chitenje chawo cha kutchalitchi.
Madzulo achiona. Angochipinda bwinobwino. Bola akanandikalipira!

Lachisanu
Kwa kalipentala n'kotseka. Mkazi wake akuti bambowo anakwera basi dzulo, ulendo wa ku Joni. Kabedi kalipo, kopanda miyendo. Ndakasenza choncho.
Ndili pakati pa msika foni yalira, mawu a namwino. Wabadwa! Mtsikana! Lero, osati sabata yamawa! Kabedi ndakasiyira mayi wogulitsa tomato, liwiro mpaka kuchipatala. Tizala take n'tating'ono moti ndikuopa kutikhudza. NyaGondwe watopa koma akumwetulira. Ndalira, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Loweruka
Atuluka m'chipatala. Malamulo a apongozi, kudzera mwa mwana wawo poti ine sangandiuze pamaso:
– chitini chisatsegulidwenso, fungo silabwino kwa khanda
– khanda limagona ndi mayi ake, kabedi n'kachiyani
– atatuwo akhala m'chipindamo mpaka mchombo ugwe, amuna osalowa.
Chipinda chomwe chija! Khoma limodzi lobiriwira, lina lamawangamawanga, awiri othimbirira. Zandiwawa. Ndimafuna afikire pabwino.
Ntchito yanga tsopano: madzi, nkhuni, kuchapa matewera kuseri kwa nyumba aneba asandione. Andiona kale.

Lamulungu
Sindinakonze dongosolo lililonse. Ndangokhala pabalaza, kumvetsera kulira kwa mwana kudzera pakhoma.
Chitseko chatseguka. Apongozi aima pakhomo atanyamula mwana, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirireni: "Ŵadada, zaninge. Bwerani mumuone mwana winu."
Ndafika mpaka pakhomopo, phazi osadumpha. Andisendezera pafupi. Wayasamula, watsegula diso limodzi, wayang'ana khoma lothimbirira lija, wandiyang'ana ine, n'kugonanso. Sanadandaule chilichonse.
Chitini ndachitseka zolimba, ndachiika pamwamba pa kabati. Makoma atatuwo adikire. Tidzapenta awiri akadzakula.