Tsiku limene ndinayanika Habibi padzuwa

Amati chifundo chinapha nkhwali. Changa chinatsala pang'ono kupha chiweto cha eni ake, n'kundikweza ndege yobwerera ku Mulanje chimanjamanja.

Ndinali nditangoyamba ntchito ya m'nyumba ku Dubai Marina. Pabalaza pa madamu panali bokosi lagalasi lodzaza madzi, ndipo kunsi kwa mwala wina kunkasuzumira kamutu kophwatalala. Miyendo inayi, mchira ngati nkhafi. Dzina lake Habibi, m'chilankhulo cha kuno ndiye kuti wokondedwa wanga (tsiku loyamba, madamu atanena kuti Habibi amadya nyongolotsi, ndinayesa akunena amuna awo).

Tsiku lina madamu atapita kuntchito, ndinapisa chala m'madzimo. Mayo ine! Kuzizira kwake ndendende mtsinje wa kwathu mwezi wa Juni, kuja tinkachapa zala zitachita dzanzi, tikamaliza n'kumagubuduza miyala kusaka nkhanu. Ndinaima pompo, chala m'madzi, mtima uli kuphiri. Kenako chisoni chinandigwira. Kwathu buluzi amawothera dzuwa pathanthwe, ndipo akagwera mu ndowa timamuvuula. Nanga uyu analakwa chiyani?

Ndinayamba ndi kuzimitsa kamakina koziziritsa madzi. Sanasunthe. Ndinathiramo madzi ofunda a m'ketulo (pang'ono chabe, si ine mfiti). Anayamba kuthamanga uku ndi uku, ine n'kumati wasangalala. Pomaliza ndinamuvuula ndi chipande n'kukamugoneka pathaulo pakhonde, padzuwa la kuno limene chovala chimauma usanamalize kuyanika.

Monyadira ndinaimbira foni achemwali a Esnati, amene ankagwira m'nyumbamo kale ndipo ndiwo anandipezera malowo.

"Achemwali, buluzi wa madamu uja ndam'pulumutsa. Akuwothera dzuwa pakhonde."

"Iwe mwana iwe! Si buluzi ameneyo, ndi salamanda! Yalla, fulumira, m'bwezere m'madzi! Akafa, ntchito khalas, yathera pompo, ndipo ine usanditchule!"

Habibi ndinam'peza atangoti zii, khungu litayamba kuuma. Ndinam'bwezera, kuyatsa makina, kukhuthuliramo ayezi yense wa m'firiji. Kenako ndinagwada. Ine, mayi wa Mvano, kupempherera chinthu chimene dzina lake ndinali nditangolimva kumene! Patapita nthawi, mwendo umodzi unagwedera, ndipo anakwawa pang'onopang'ono kukalowa kunsi kwa mwala wake osandiyang'ana n'komwe.

Madzulo ndinaulula zonse, chikwama nditalongedzeratu. Madamu anakalipa mpaka mawu kusasa. Mtima utatsika, anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti Habibi kwawo ndi kutali, m'timitsinje tozizira ta m'mapiri. Masana amabisala kunsi kwa miyala, usiku n'kumasaka nyongolotsi ndi tizilombo ta m'madzi. Mpweya wina amapumira pakhungu, choncho khungu likauma, basi kwake kwatha. Dzuwa limene ine ndinam'patsa ngati mphatso ndilo mdani wake wamkulu.

Ndinagwetsa misozi, madamu n'kumayesa ndi mantha a ntchito. Ayi ndithu. Ndinali nditazindikira kuti ndinafuna kupha wakuphiri mnzanga. Tonse tinachoka kumtsinje, tinabwera pandege, ndipo tikukhala kuseri kwa galasi, moyo wathu uli pa makina oziziritsa.

Ntchito sinathe. Lamulo linangokhala limodzi: dzanja langa lisayandikirenso bokosilo. Ndinavomera ndi mtima wonse, mpaka kulumbira.

Koma m'mawa uliwonse, chitseko chikangotsekeka, ndimasamba m'manja bwinobwino n'kupisamo chala chimodzi. Habibi amasuzumira, ine ndimatsinzina. M'Dubai monse muno, madzi a kwathu ali m'bokosi limeneli mokha.