Galimoto Yosanyamula Bokosi

Pali zinthu zina zimene munthu umachita ukudziona ngati wochenjera kuposa dziko lonse, kenaka n'kudzapezeka uli m'munda wa eni ake, nsapato imodzi palibe, mvula ikukuwaza. Ine zinandichitikira ku Mwanza, ndipo chinandifikitsa kumeneko ndi galimoto yatsopano ya kuntchito, yomwe ndinasankha ndekha popanda wondikakamiza.

Ndiyambe ndaulula matenda anga. Ine ndimaopa maliro. Sindikunena chisoni ayi, chisoni aliyense amakhala nacho. Ndikunena mantha enieni, aja ouma nawo kukhosi. Pamaliro ndimapita ndithu, poti maliro n'kulirana, koma mukandifuna mudzandipeza kowaza nkhuni kapena kokatenga mabenchi kutchalitchi. M'siwa sindilowa. Ikafika nthawi yoona nkhope ndimalowa nawo pamzere, koma ndimadutsa maso ali kudenga ngati ndikupemphera (anthu ambiri amandiyesa munthu wauzimu kwambiri chifukwa cha zimenezi, ndipo sindinawatsutsepo).

Nthawi imeneyo ndinkayang'anira nthambi ya kampani ina yogula nandolo ndi manachesi. Likulu linali ku Limbe, ine ndinali ndi kaofesi pa Boma, sikelo, ndi pikapu yakalekale yomwe inkayendetsedwa ndi a Wiliyamu, dalaivala wathu. Tsono amene anakhalako kumudzi akudziwa kuti galimoto ya kampani yokhala ndi malo kumbuyo si ya kampani yokha. Mlimi amene amakugulitsa nandolo zikamugwera kuchipatala, amabwera kwa iwe chipewa chili m'manja, ndipo sungamukanize. Ukamukaniza, chaka chamawa nandolo wa mudzi wonse apita kwa mavenda. Choncho pikapu yathu inkanyamula matumba mkati mwa sabata, bokosi likapezeka n'kunyamulanso. Ine sizinkandivuta. Ndinkapepesa mwaulemu, n'kupereka makiyi kwa a Wiliyamu, n'kutsala pampando wanga.

Madzi anachita katondo tsiku lomwe bwana wathu a Nyirenda anandiimbira foni kuchokera ku Limbe. Anati a Wiliyamu akupuma pantchito chifukwa cha maso, pikapu ija ikugulitsidwa, ndipo nthambi ya Mwanza ilandira galimoto ina. Ndinayamba kuthokoza. Kenaka anawonjezera kuti kampani silembanso dalaivala, poti ine laisensi ndili nayo, ndiziyendetsa ndekha. Anatinso ndipite ndikasankhe ndekha yomwe ndikuona kuti ikugwirizana ndi misewu ya kwathu.

Nditaika foni pansi ndinangoona chinthu chimodzi chokha m'maganizo, ine pachiwongolero ndipo kumbuyo kwanga kuli bokosi likugogoda pamabampu. Chakudya cha masana tsiku limenelo chinabwerera kunyumba osakhudzidwa.

Ku Limbe ananditengera pamalo ena ogulitsa galimoto zochokera kunja, zomwe zimalowera pachipata chathu chomwe cha Mwanza. Panali pikapu yoyera, yamphamvu, matayala ake ofika m'chiuno mwa mwana. A Nyirenda anaigogoda pabonati n'kunena kuti imeneyi ingakwere mapiri a kwa Kanduku ikuimba nyimbo. Ine ndinazungulira kumbuyo kwake, ndinayeza ndi maso, n'kupeza kuti mungalowe mabokosi awiri mogonerana bwinobwino, anamfedwa n'kukhala m'mbali.

Pakona panali kasaluni kobiriwira, kafupi, kokhala ngati kakubisala. Ndinakatsegula kubuti. Munali malo a thumba limodzi la chimanga, mwina ndi nkhuku. Ndinayesa mpando wakumbuyo ngati umapindika, ndipo sunkapindika. Ndinafunsa wogulitsa ngati pamwamba pake pangamangidwe keliyala, iye anati denga lake ndi lofewa, lingabonyoke. Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo.

A Nyirenda anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Achimwene, kameneka n'kopita nako kuukwati. Nandolo muzinyamula pamutu?”

Apa ndinalankhula ngati munthu wophunzira. Ndinati matumba amabwera kudzatengedwa ndi lole ya kulikulu, ntchito yanga ndi yoyendera alimi basi. Ndinati kameneka sikamwa mafuta. Ndinati pikapu imakopa anthu opempha matola, ndipo ine ndikufuna kuteteza katundu wa kampani. Bwana anagwedeza mutu, nati aka n'koyamba kuona wantchito akukana galimoto yaikulu, ndipo anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndine wodzichepetsa (ndinalandira chiyamikirocho nditaweramitsa mutu, monga amachitira odzichepetsa).

Miyezi yoyamba inali ya mtendere. Anthu awiri atatu anabwera ndi uthenga wa zovuta, ine n'kutuluka nawo panja, n'kuwatsegulira buti, tonse n'kuyang'ana m'katimo mwachisoni. Ankaona okha kuti bokosi silingalowe, n'kundipepesa iwowo chifukwa cha galimoto yomwe kampani inandipatsa. Ndinkabwerera mu ofesi mtima uli m'malo.

Kenaka m'kati mwa dzinja, m'mawa wina kunabwera a Zuze, wapampando wa kalabu ya alimi athu kwa Kanduku, munthu amene mawu ake amodzi ankatibweretsera nandolo wa midzi ingapo. Anati malume awo atisiya m'bandakucha kuchipatala, ambulansi yapita ku Blantyre ndi wodwala, ndipo kumudzi anthu asonkhana kale. Ndinavala nkhope yanga ija, ndinapita nawo panja, n'kutsegula buti.

A Zuze sanayang'anemo n'komwe.

“Ayi bwana, bokosi akukhoma kumudzi konko. Malume angokhala pampando. Sanaume, tawaveka kale jekete.”

Ndinafunafuna chonena, koma mabodza onse amene ndinakonza anali okhudza bokosi. Ndinayesa kunena za malamulo a kampani, a Zuze anati pikapu yakale ija inali ya kampani yomweyo. Ndinayesa za apolisi, iwo anati kuchipatala awapatsa kale chilolezo. Anangoima pamenepo, maso ofiira, akudikira kuti nditenge makiyi, ndipo ndinawatenga.

Kuchipatala sindinatsike. Ndinayang'ana kutsogolo, manja onse pachiwongolero, ndikumva zitseko zikutsegulidwa, anthu akunong'onezana kuti pindani mwendowo, gwirani mutu. Galimoto inatsika pang'ono mbali yakumbuyo. A Zuze anakhala kumanzere, mayi ena achikulire, mlongo wawo wa malemu, anakhala kumanja, malume pakati. Kutsogolo kunakhala mkulu wa mpingo wa kumudziko atanyamula beseni ndi mabulangete.

Pakati pa mpando wakumbuyo, abale anga, ndi pamene pamaloza galasi loonera kumbuyo. Nditangokweza maso kuti nditembenuze galimoto, ndinakumana nawo. Anali mkulu wochepa thupi, atavala jekete yakuda ndi chipewa chotsitsidwa kumaso, nsalu yoyera itamangidwa kuchibwano. Anakhala mwaulemu kuposa tonse m'galimotomo. Ndinapotoza galasilo mpaka linaloza kudenga, koma sizinathandize, chifukwa khosi langa linkadziwa kuti ali pomwepo.

Titasiya tala, mayi aja anayamba nyimbo yamaliro chapansipansi, mkulu wa mpingo n'kumavomera. Ine thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunkawaza mvula. Pabampu iliyonse ndinkamva bondo likugunda kumsana kwa mpando wanga, ndipo ndinkadziuza kuti ndi la mayiwo. Kufunsa sindinafunse. Kasaluni kanga kankakhula mimba pamiyala, kakulira ngati kakudziwa chimene kanyamula.

Tinafika pakakhwawa kena pomwe msewu umatsika n'kukweranso. Pikapu ikanangodutsa osazindikira n'komwe kuti panali matope. Ife tinalowa, matayala anazungulira pamodzimodzi, basi tatitimira. Kunalibe nyumba pafupi, kunali minda ya chimanga ndi nandolo mbali zonse. Mkulu wa mpingo anatsika kukakankha, koma yekha sanathe. A Zuze anatsika. Kenaka anaitana mayi aja kuti atsike galimoto ipepuke. Ndinamva akuwatsamiritsa bwino malume, chitseko n'kutsekedwa.

Tinatsala awiri.

Ndinafuna kunena kuti bwanji ine ndikankhe, wina ayendetse, koma panalibe wina wodziwa kuyendetsa. M'galimoto munali zii, kungomveka mvula padenga. Ndinayamba Atate Wathu, koma ndinkangobwereza mzere woyamba. Kumbuyo a Zuze anamenya buti kuti ndiponde moto. Ndinaponda ndi mantha onse amene ndinali nawo, ndipo galimoto inatumpha m'matopemo ngati chule, n'kulunjika kumtengo wa mango womwe unali m'mbali mwa msewu. Ndinaponda buleki mwamphamvu.

Chinthu cholemera chinagunda mpando wanga. Chipewa chinadutsa paphewa panga n'kugwera pamiyendo. Kenaka, pafupi ndi khutu langa lakumanzere, malume anatulutsa mpweya, fuuu.

Anthu odziwa anandiuza pambuyo pake kuti zimachitika, ndi mpweya wotsalira m'chifuwa. Tsiku limenelo panalibe wondiuza. Sindikumbuka kuti chitseko ndinatsegula bwanji. Ndikungokumbuka chimanga chikundikwapula kumaso, ine ndili pa liwiro la mtondo wadooka, ndikuitana mayi anga omwe anali ku Thyolo. Ndinakaima pachulu pakati pa munda, nsapato imodzi itatsala m'matope.

A Zuze ananditsatira pang'onopang'ono, nsapato yanga ili m'manja. Ndinawauza kuti ndinapita kukadzithandiza (pamenepa, kunena zoona, bodza silinali lalikulu kwenikweni). Iwo anandipatsa nsapatoyo, nadikira kuti ndivale. Sanaseke, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

“Musaope bwana. Malume anali munthu wofatsa. Ngakhale ali moyo sanamenyepo munthu.”

Ndinavomera kuti ankaoneka ofatsa ndithu. Tinabwerera kumsewu, ine m'mbuyo. Ndinapeza mayi aja ndi mkulu wa mpingo atagwirizana kale nzeru yoti zoterezi zisachitikenso. Anati kumbuyo kulibe chowagwira bwino, msewu wotsalawo ndi wotsetsereka, ndiye kuli bwino malemu akhale kutsogolo komwe kuli lamba wolimba. Ndisanatsegule pakamwa anali atawasamutsa, atawamanga lamba, atawavekanso chipewa chawo.

Ulendo wotsalawo ndinayenda ndi giya imodzi. Kusintha giya kunkafuna kuti dzanja langa lipite kufupi ndi bondo lawo, ndipo dzanjalo linakana. Injini inkalira momvetsa chisoni, ine khosi litaumira kumanja, ndikuona msewu ndi diso limodzi. Pokhota paliponse phewa lawo linkabwera kudzatsamira langa, n'kubwereranso. Ndinalankhula ndi Mulungu zinthu zambiri pamsewu umenewo, ndipo ndinalonjeza zina zomwe sindinakwaniritse mpaka pano.

Titalowa m'mudzi, amayi anayamba kulira akuthamangira galimoto, kenaka kulirako kunatsika pang'ono, anthu akusuzumira pawindo. Adzukulu anawatulutsa. Ine ndinafuna kutembenuka nthawi yomweyo, koma anandigwira kuti bwana sangapite osakhala pansi, ndipo anandiika pampando wapulasitiki pafupi ndi khomo la siwa, malo amene moyo wanga wonse ndakhala ndikuwazemba.

Tsiku loika maliro ndinapitanso, poti mutu ukakula sulewa nkhonya. Woyankhula m'malo mwa banja atathokoza mafumu ndi mpingo, anatembenukira kwa ine. Anati malemu moyo wawo wonse ankakwera kumbuyo kwa malole, padzuwa ndi pafumbi, pamwamba pa matumba. Koma ulendo wawo womaliza abwera atakhala kutsogolo, atamanga lamba, bwana wa kampani akuwayendetsa yekha pang'onopang'ono, osathamanga. Anati nditafika pakhwawa chisoni chinandigwira mpaka ndinakalirira kumunda. Khamu lonse linang'ung'udza movomereza, amayi ena akundiyang'ana ndi maso achifundo. Ndinayang'ana a Zuze, iwo anayang'ana pansi.

Lolemba lake ndinaimbira a Nyirenda kuti ndaganizanso bwino, misewu ya kuno ikufunadi pikapu. Anati pikapu ija anaipereka kale kunthambi ya ku Balaka, ndipo anandikumbutsa mfundo zanga zonse za mafuta, imodzi ndi imodzi. Anatinso amva kuti alimi a kwa Kanduku akuitamanda kwambiri kampani masiku ano, ndipitirize zomwe ndikuchitazo.

Sipanapite nthawi, bambo wina wa kwa Nthache yemwe sindinkamudziwa n'komwe anagogoda pa ofesi, chipewa chili m'manja. Ndinatuluka naye mwachizolowezi n'kupita kubuti, koma iye anaima pachitseko chakutsogolo, akusisita galasi ndi chala.

“Bwana, ifenso zatigwera. Tamva kuti kuno amakhala kutsogolo.”

Kasaluni kaja ndinakhala nako zaka zingapo, ndipo amene ndinayenda nawo pampando umenewo sindinawawerenge, chifukwa sindinkawayang'ana. Mantha sanathe, musanamizidwe kuti munthu amazolowera. Chomwe ndinaphunzira n'chochepa. Mukadzapatsidwa mwayi wosankha galimoto ya kuntchito, ndipo muli ndi mtima ngati wangawu, tengani yaikulu, yokhala ndi malo ambiri kumbuyo. Akufa mudzawanyamulabe basi, koma pakati pa inu ndi iwo padzakhala chitsulo.