Mkwatibwi Wabodza ndi Maswiti a Nachisale

Zinkamveka m'Kawale monse muno kuti a Gama, mkulu wa mpingo uja woyenda ndi Baibulo m'khwapa ngakhale popita kuchigayo, Lachinayi lililonse amakayendera wodwala mmodzi yekha, ndipo wodwalayo ndi Nachisale, mayi wamasiye wa kuseri kwa msika, amene sitinamvepo kuti wadwala ngakhale chimfine. Ankati nthawi yake ndi yomwe ija akazi awo amakhala ali kutchalitchi ndi amayi anzawo, atavala zoyera, akupempherera mabanja. Ine nkhaniyi ndinkaikhulupirira theka, theka linalo ndinkangolipereka kwa ena kuti andithandize kukhulupirira. Musandiweruze. Kodi munthu ukamva nkhani uiike mufiriji?

Koma lero sindikuyamba ndi za anthu ayi. Lero ndiwo ndine.

Chaka chatha kuchipatala anandiopseza. Namwino anandikweza pasikelo, n'kuyang'ana sikelo, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso sikelo ngati yamutukwana. Akuti, "Amayi, shuga ali pakhomo, BP walowa kale m'nyumba. Mukapanda kuchepetsa thupili tidzakuimbirani nyimbo." Ndinachita mantha, abale. Ndinasiya mandasi, ndinasiya zakumwa za m'botolo, chipisi cha pachiwaya ndinkangochipatsa moni n'kudutsa. Tiyi ndinkamwa wopanda shuga, wowawa ngati mawu a apongozi. M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kuchoka ku Kawale mpaka ku Biwi, akabaza n'kumandiimbira belu poganiza kuti zandivuta. Thupi linatsikadi. Ndiye mukudziwa kwathu kuno, ukanenepa akuti bambo akusamala, ukaonda akuti ukayezetse. Ine amene ndimagawa nkhani za anthu ndinayamba kumva nkhani yanga ikundibwerera, itanenepa kuposa mwini wake. Ena akuti bambo a Chisomo, amuna angawo, akwatira kwina, ena akuti ndayamba kulandira mankhwala aja. Ndinangoti lankhulani, ine chiuno ndachipeza, chomwe ndinachitaya ndili ndi mimba ya Chisomo.

Koma vuto si kuonda ayi, vuto ndi kukhalabe woonda. Thupi lili ngati mwamuna wothamangitsidwa, limangozungulira kuseri kwa nyumba kudikira kuti utsegule chitseko. Ndipo ine pakamwa panga pamafuna zotsekemera monga momwe makutu anga amafunira nkhani.

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha Tadala, mwana wa achimwene anga a ku Area 23. Mlamu wanga, amake Tadala, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Alamu, mmene mwathera apamu, mukhala mmodzi wa ofunditsidwa." Mwamva zimenezo? Paja pachinkhoswe sangofikira kutulutsa mkwatibwi, amayamba atulutsa ena atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu, kuti akuchimuna aloze wawo, akalakwitsa alipe. Ntchito imeneyi ndi ya atsikana a ziuno ngati mavu. Ine pazinkhoswe zonse za pachibale malo anga anali kuseri, kokazinga nkhuku, maso ali psuu ndi utsi. Lero mayi wa ana anayi, wa zidzukulu, akuti akasokoneze mkamwini! Ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula. Ndinalumbira kuti kufikira tsikulo sindiwonjezera ngakhale kamnofu kamodzi, onse ankandinena aja akaone okha. Bambo a Chisomo anangoti, "Mayi, zachibwanazi zikupwetekani." Ndinati ndi nsanje.

Apa m'pamene panalowera Nachisale. Mwana wake wa ku Joni amamutumizira katundu wogulitsa, ndiye ndinamva kuti wafikitsa maswiti opanda shuga. Ndinapitako, mbali ina kukagula, mbali ina kukaona ngati pakhomopo pali nsapato zachimuna. Nsapato sindinazione. Anatulutsa mapaketi awiri a maswiti okulungidwa m'timapepala tagolide, ndi kabotolo ka timibulu totsekemera tothira mu tiyi.

"Amenewa, amake Chisomo, amatsekemera ngati uchi koma sanenepetsa. Kungoti awiri kapena atatu patsiku, osapitirira."

"Ndipatseni mapaketi onse."

"Ayi, paketi inayo ili ndi mwini wake kale. Munthu wake ali ndi shuga, ndimamumvera chisoni." Anaseka kaseko kena kake koyang'ana kumbali.

Ndinafunsa dzina la munthuyo, anangoti ndikawapatse moni bambo a Chisomo. Za awiri kapena atatuzo ndinaziona ngati zongonena. Chinthu chopanda shuga chingakulakwire chiyani? Zili ngati tchimo lomwe abusa alichotsa m'Baibulo.

Tsiku la chinkhoswe m'mawa sindinadye kanthu kuti mimba ilowe m'kati. Ndinangomwa tiyi, timibulu tija ndinangokhuthula osawerenga, poti n'tating'ono ngati mapira. Titafika ku Area 23 anatitsekera kuchipinda, ine, Tadala ndi mnzake wina wa kwaya, kuti akuchimuna asatione. Akuchimunawo anati afika nthawi ya teni. Inu mumawadziwa akuchimuna. Dzuwa linafika pamutu, n'kuyamba kupendeka, iwo akuti minibasi yawafera ku Chipasula. Fungo la nkhuku yokazinga likulowera pawindo ngati lachita kutumidwa. Njala inandigwira mpaka ndinayamba kuona a Tadala awiri. Ndinatsegula kachikwama. Switi yoyamba, ee, kukoma kwake! Yachiwiri. Yachitatu ndinati ndi ya malire. Yachinayi ndinati Nachisale si dokotala. Ndinayesa kugawira atsikanawo, anakana kuopa kufufuta lipisitiki, ndiye ndinawadyera. Pamene tinamva hutala panja, m'paketi munali mutatsala mpweya wokhawokha.

Anatifunditsa zitenje zofanana, kumapazi masokosi ofanana, kuti zidendene zanga zong'alukazi zisandiulule. Lamulo lake ndi limodzi: osalankhula, osaseka, kuyenda pang'onopang'ono ngati ukuponda mazira. Mtsikana wa kwaya anatuluka koyamba, anamuvundukula, anthu n'kuseka, n'kubwerera. Kenako ine. Mlamu wandigwira mkono, DJ waika nyimbo, amayi nthungululu, mumtima ndikuti Kawale yense aone. Nditangoponda pakhonde, m'mimba munati gudubu! Ndinati mwina ndi kugunda kwa masipika. Nditapondanso, kulukulukulu, ngati paipi madzi akamabwera atasowa sabata yathunthu. Thukuta linayamba kutsetsereka kumsana.

Anandiimika pakati pa tenti. Wolankhulira akuchimuna mukudziwa anali ndani? A Gama omwe aja, poti mkwati ndi mwana wa mlongo wawo. Munthu amene pemphero la chakudya amaliyambira kwa Adamu mpaka ndiwo kuzizira. Koma tsiku limeneli ndinadabwa ndili m'chitenjemo kumva mawu awo akunjenjemera: "Si ameneyu, si ameneyu, mubwezeni, tifulumire." MC, wa pakamwa ngati wailesi, sanafune kuti zithe msanga, poti mbale yofupira imadzadza anthu akamachedwa.

"A Gama, mwaonera pati? Taonani chiuno ichi! Taonani kaimidwe! Mkwati, dzuka uyang'anitsitse. Ukakana wako lero ukagona ndi tambala."

Mkwati anadzuka, n'kundizungulira, n'kundizunguliranso, kenako akuti, "Akuoneka ngati ndi yemweyu." Abale! Mawu amene ndinawavutikira chaka chonse, tiyi wowawa uja, mandasi onse aja ndinawalambalala, ndinawamva ndi makutu angawa. Koma kusangalala ndinalephera, chifukwa nthawi imeneyo ndinali nditamanga thupi lonse ngati thumba la chimanga, ndikupemphera m'zilankhulo zomwe sindinaphunzirepo.

Kenako MC uja akuti, "Tiyeni timve mawu ake, mwina muzindikira." Anabwera ndi maikolofoni. Poopa kundivundukula nkhope anaigunditsa chapansi, pamimba penipeni. Ine ndinasunga lamulo, sindinalankhule. Mimba ndiyo inayankha. Inabangula m'masipika onse mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. MC anatembenukira DJ: "Aise, konza mawaya ako!" DJ akuti, "Si ine bwana, ndi jenereta."

Pamenepo ndinadziwa kuti ndikachedwa pang'ono, chinkhoswe chimenechi adzachikamba mpaka zidzukulu za Tadala. Ndinasolola mkono kwa mlamu, ndinaliyatsa liwiro. Chitenje chili kumutu, kutsogolo sindikuona, koma pakhomo pa achimwene ndimapadziwa, chimbudzi chili kuseri pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Ndinagunda mpando, ndinaponda phazi la munthu, ndinakankha dengu momwe munali tambala wa akuchimuna woti asinthane ndi thadzi lathu. Tambala n'kuuluka mpaka pamwamba pa tenti! Kumbuyo ndikungomva, "Mkwatibwi wathawa! Mkwatibwi wathawa! Mugwireni!"

Ndinalowa, n'kukowetsa kamsomali. Zomwe zinachitika m'menemo sindinena, ndine munthu wa mpingo. Ndingoti Nachisale ndi dokotala ndithu.

Ndisanapume n'komwe, pachitseko go go go. Mkwati! Mwana wa eni akulira. "Bebi, tuluka tikambirane. Ndalakwa chiyani? Anthu achoka ku Ntcheu, bebi, usandichititse manyazi."

Ndinayesa kukhala chete, koma anayamba kugwedeza chitseko, ndipo kamsomali kaja ndi kamsomali chabe. Ndinakuwa: "Iwe, ndine azakhali! Bebi wako ali kuchipinda. Choka apa!"

Kenako kamawu kotsika: "Pepani azakhali. Mwaswera bwanji?"

Ana a ku Ntcheu ulemu! Ndikanamuyankha kuti chiyani? Posakhalitsa ndinamva MC akulengeza kuti anthu asadandaule, wothawayo si mkwatibwi, ndi azakhali a ku Kawale, apita kukayankha foni yofunika kwambiri. Tenti yonse inafa nalo phwete. Chiuno changa chija palibe anachitchulanso.

Ndinaganiza zongokhala momwemo mpaka anthu abalalike. Paja chimbudzi cha achimwene ndi cha zitseko ziwiri, pakati pali khoma losafika kudenga. Sipanatenge nthawi, ndinamva nsapato zikubwera mothamanga, chitseko chinacho n'kumenyetsedwa, kenako kubuula kwa munthu wamkulu: "Ambuye, ndichitireni chifundo." Mawu amenewo ndimawamva Lamulungu lililonse. A Gama! Ndipo nyimbo imene inayamba mbali yawoyo inali yomwe ija ndinali nditangoimba ine, vesi ndi kolasi yomwe.

Mutu wanga unayamba kulumikiza. Mapaketi anali awiri. Munthu wa shuga. Kaseko koyang'ana kumbali. Ndisanamalize, panja panafika mayi Gama, akazi awo, akuti atola jekete yomwe bambowo anaitaya pothamanga.

"Bambo, muli m'menemo?"

"Ndilimo, mayi. Ndi nyemba za dzulo."

"Dzulo tinadya usipa. Timapepala tagolide tadzadza m'thumba la jeketemu n'tachiyani?"

"Ndi maswiti a odwala shuga. Ndinagula kutauni."

"Inu kugula? Inu amene mumazimitsa makala ndi madzi kuti tidzaphikirenso mawa? Maswiti amenewa m'Kawale monse amapezeka nyumba imodzi. Mwini wake anabwera nawo kudzatitsatsa, ndinawaona ndi maso angawa. Munene zoona, apo ayi ndikhoma chitsekochi kunja, ndikaitane abusa adzakutsegulireni okha."

Mimba ya a Gama inalira kaye, ngati ikuwalangiza. Kenako:

"Mayi, ndikuvomera. Anandipatsa Nachisale. Lachinayi lija sindiyendera odwala ayi. Anandiuza kuti awiri patsiku, koma minibasi itafa ku Chipasula njala inandipweteka. Ndalakwa, mayi. Zinazo tikakambe kunyumba, panopa tandipezereni kaye madzi."

"Akupezereni wodwala wanuyo," anatero mayi Gama, ndipo ndinamva masilipasi awo akupita.

Ine mbali inayo ndagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Nkhani ya chaka, yotuluka m'kamwa mwa mwini wake, mboni ndine ndekha! Koma ndikaifotokoza bwanji osanena pomwe ndinakhala poimva? Ndinaisunga mpaka Lolemba, ndipo ndikuuzeni, inandivuta kuigwira kuposa maswiti aja.

Thupi silinabwerere, chinkhoswe chinatha bwino, tambala anamugwira madzulo padenga la aneba. Chondidabwitsa n'chakuti amayi omwe ankandiseka aja pano akumandifunsa monong'ona kuti maswitiwo paketi imatsitsa thupi bwanji. Ndimangowauza kuti imatsitsa thupi ndi ulemu womwe. Ine ndasiya. Ndikafuna zotsekemera ndizidya nthochi imodzi poyera ngati munthu, ndipo chitenje cha kumutu sindidzafundanso, ngakhale pachinkhoswe cha Chisomo, ndibwerera kwanga kokazinga nkhuku.

Za a Gamazo, musakati mwamva kwa ine. Ine ndinangokhala. Ananena okha, kwa akazi awo, kudzera pachitseko cha chimbudzi.