Pulofesa Alondola Ambulera Yakuda

Inu, tamverani za mphwanga uja timamutcha Pulofesa. Dzinali analitenga ali mwana, chifukwa ngakhale mumufunse za mvula ya chaka chamawa, mawu oti "sindikudziwa" satuluka pakamwa pake. Ndiye mwayi wa maphunziro kunja unamugwera, nakwera ndege atavala jekete la amalume lofika m'mawondo.

Masiku oyamba mzindawo unamuzunguza mutu. Zitseko zotseguka zokha ankazithokoza. Pa chitseko chozungulira cha ku laibulale analowa, kuzungulira nacho, n'kutulukira komwe anachokera, ndipo poopa kusekedwa anayang'ana wotchi n'kumapita ngati wakumbukira zina. M'sitima anapereka moni kwa aliyense, koma amene anamulabadira anali galu yekha, galu wovala juzi!

Komatu pa nkhani yoteteza thumba mphwangayo ndi katswiri. Anaona kuti alendo odzaona malo amayenda m'magulu, kutsogolo kuli munthu wokweza ambulera amene amawafotokozera za nyumba zakale ndi zipilala. Alendowo amalipira. Iye ankangodziphatika kumbuyo, kumagwedeza mutu ngati walipira kawiri. Amati ambulera ya mnzako imatchinga ndi iwe womwe, bola kuyandikira.

Nzeru zitamukwana, anaimba foni kunyumba.

"Amayi, Loweruka ndikuyendetsani mzinda wonse pa vidiyo. Ndaupondaponda, palibe ngodya yomwe sindikuidziwa."

Amayi athu nkhani yabwino sagona nayo. Anaitana azakhali, anzawo a kwaya, ndi mayi woyandikana nafe nyumba, uja amanyoza kuti mwana wathu akangosochera kunjako. Onse anadzaza pabalaza, ine ndagwira foni. Ulemu wa banja lonse unali pa kagalasi kameneko.

Tsikulo kunali mvula yowaza. Pulofesa anaima pabwalo lalikulu, maso uku ndi uku, gulu la alendo osaoneka. Kenaka pakona panatulukira anthu ovala bwino, zakuda zokhazokha, akuyenda pang'onopang'ono pambuyo pa bambo wamtali wa chipewa chachitali ndi ambulera yakuda. Mtima wake unakhala pansi. Awa ndiye alendo olemera, anatero mumtima, aliyense ambulera yakeyake! Anadziphatika.

"Amayi, mukuiona nyumba iyo? Inamangidwa agogo a agogo asanabadwe. Ndipo taonani mwambo wa anthu akuno, poona malo salongolola."

"Nanga mayi uyo akulira chiyani?" anafunsa azakhali, mphuno ili pa foni.

"Kukongola kwa mzinda, azakhali. Ena amachita kukomoka."

A kwaya onse anati, "Eee, kunja ndi kunja!"

Gululo linalowa m'tchalitchi chakale cha mawindo amitundumitundu. Pulofesa anapita mpaka kutsogolo chipewa chili kumutu, nakweza foni, mano onse pamtunda, zala ziwiri m'mwamba. Kenaka anatembenuza kamera kuti tione bwino: makandulo, nkhata za maluwa, chithunzi cha mkulu wina wa magalasi.

"Iwe, tabwerera pang'ono," anatero amayi. "Bokosi limenelo ndi la chiyani?"

"Limenelo? Ndi zamakedzana, amayi. Muyenera kuti muli mfumu yakalekale."

"Mfumu yakalekale maluwa ake othyola lero? Ndi maliro amenewo, chitsiru iwe! Vula chipewa!"

Inu, foni inali pa sipika, ndipo matchalitchi akale amabweza mawu. "Vula chipewa" anamveka kudenga, kuguwa, mpaka kuseri kwa limba. Mitu yonse inatembenuka. Kuno kwathu mayi woyandikana nafe uja anali atagwira nthiti, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. Ine ndinamumvera chisoni mwana wa amayi anga, zoona.

Anayamba kubwerera chafutambuyo, koma bambo wamtali uja anali atatseka kale chitseko.

"Usayerekeze kutuluka!" anatero amayi, tsopano monong'ona. "Walowa maliro a eni, ukhala mpaka aike. Ndinakulera ine."

Pulofesa anakhala pa benchi imene inali pafupi, osadziwa kuti ndi ya ofedwa. Gogo wamng'ono thupi amene anali pambali pake, mkazi wa malemuyo, anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku jekete.

"Mwana wanga, unali wophunzira wa amuna anga?"

Apa Pulofesa akanatha kunama, ndipo bodza linafika pakhosi. Koma maso a gogoyo anali ofiira ndi kulira, bodzalo linabwerera.

"Ayi, agogo. Sindikuwadziwa. Ndimayesa ndi gulu loona malo."

"Unalipira kwa ndani?"

"Sindinalipire. Ndimangolondola ambulera."

Gogoyo anatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Achibale anathamangira kudzamutonthoza, osadziwa kuti akuseka.

"Amuna anga enieni!" anatero atapeza mpweya. "Moyo wawo wonse ankalondola magulu a eni osalipira, ine ndikufa ndi manyazi kumbuyo. Khala pompano, wabwera ndi mzimu wawo."

Potuluka anamunyamulitsa nkhata yaikulu kuposa zonse, namuika kutsogolo penipeni, pambali pa bambo wa ambulera. Foni inali m'thumba la pachifuwa, kamera ikusuzumira kunja, moti ife tinauonadi mzinda: msewu wa miyala, mlatho, mtsinje, mpaka kumanda. A kwaya, poti ndi a kwaya, anayamba kung'ung'uza nyimbo pabalaza pathu.

Ine ndinkati ulemu wa banja wathera pomwepo. Koma amayi anakonza mpango wawo kumutu, natembenukira kwa mayi woyandikana nafe uja.

"Mwaonatu, anzanga? Mwana wafika dzanadzanali, koma akumutsogoza kale pa maliro. Inu mwakhala pano zaka zonsezi, anakunyamulitsanipo nkhata ndani?"