Che Abasi, Womasulira Wosaitanidwa

Ku Domasi kuno aliyense akudziwa kuti malemu Che Abasi, telala wa pa Songani, sankalola sewero la Chingerezi kudutsa osalimasulira. Palibe ankawapempha. Chingerezi chawonso chinkathera pa moni.

Amene anavutika nawo ndi mayi Perpetua, mphunzitsi woyang'anira gulu la zisudzo pasukulu ina kwa Malemia. Kwa iwo sewero la Chichewa linali nthabwala chabe, sewero lenileni ndi la Chingerezi. Makolo ankaona zina: ana akutaya nthawi kukuwa zosamveka. Komiti inagamula kuti makolo akapanda kukondwa ndi sewero lotsekera teremu, gululo lithe.

Tsikulo mnyamata wovala ngati mfumu atangoyankhula, Che Abasi anadzuka pabenchi yakutsogolo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Akuti mbuzi za mlamu wake zamudyera chinangwa!"

"Che Abasi, chonde khalani pansi," ananong'oneza mayi Perpetua. "Akulira mwana wake amene wamwalira."

"Madamu, inetu ndikuona nkhope. Imeneyo ndi nkhope ya chinangwa."

Mkazi wa mfumu atadzigwetsa pansi ndi chisoni, Che Abasi anati, "Akuti diresi likumuthina. Sanasoketse kwa ine."

Anthu anaseka mpaka misozi. Mayi Perpetua manyazi anawagwira, koma atacheuka anaona zachilendo. Makolo amene ankasinza chaka ndi chaka anali tcheru. Mayi wina anachita kuimirira n'kukalipa kuti mlamuyo azimanga mbuzi zake. Gulu lija silinathe.

"Mwandiwonongera sewero," anatero mphunzitsiyo anthu akutuluka.

"Madamu, nsalu yanu ndi yabwino, koma munasoka osawayeza eni ake. Ine ndangopinda."

Kuyambira pamenepo ana anazolowera kuima pang'ono akatha kuyankhula, kuti Che Abasi aponyepo zawo. Mawu a telala aja sanawachoke mayi Perpetua. Chaka chatha analembanso sewero lomwe lija m'Chichewa, kuti aone ngati chiyankhulo chimene ankati n'chosekera chingalize munthu. Che Abasi sanalione. Tinawaika m'manda mvula isanagwe.

Tsiku la sewerolo anthu analira, mpaka abambo a komiti. Panalibe chofuna kumasulira. Koma ana ankaimabe pang'ono akatha kuyankhula, ndipo holo yonse inkayang'ana pabenchi yakutsogolo.