Chilolezo Chobera Mbawa

Dilu yonse inaphikidwa kuseri kwa msika wa Chiringa, pa benchi ya kachasu, dzuwa likuswa mtengo. Bertha anali chapafupi akuwotcha chinangwa, mwana wake Ufulu ali kumsana, khutu lili tcheru. Sankakonda kumvetsera za eni, koma pa benchipo panali Mavuto, mwamuna wake, ndipo njinga yawo yakabaza inali itatsamira pakhoma. Njinga imeneyi ndiyo inali munda wawo, ndiyonso inkapita naye Ufulu kusikelo.

"Madala, mbawa ili pabwalo pa a Eneya ija mwaiona?" anatero Fletcher, yemwe anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anagwirako sabata imodzi pa mlatho. "Matabwa okhaokha! Mwini wake ali kwa ana ake ku Limbe. Tikadula, ticheka, Lachiwiri tili pamsika."

"Nanga pa rodibuloko?" anafunsa Tobias, wotchedwa Mantha. Iyeyu anamulandapo makala, ndipo sanaiwale. "Mbawa siidulidwa chisawawa, aise. Ngakhale ili pakhomo pako, a zankhalango amafuna chilolezo. Akakupeza ndi matabwa opanda pepala, watha."

Injiniya anamwa kaye, nkupukuta pakamwa ngati munthu woti alankhula ku msonkhano.

"Ndiye vuto lili pati? Mbava zinazi zimagwidwa chifukwa cha umbuli. Ife tiba mwalamulo. Tikatenga chilolezo."

Anawomba m'manja onse. Bertha anapsereza chinangwa.

Makina odulira mitengo anakabwereka kwa mkulu wina wa matabwa, yemwe anafuna chikole. Maso onse anagwera pa njinga.

"Bambo a Ufulu, njingayo ayi," anadandaula Bertha. "Makinawo akapanda kubwerera tidzadya chiyani?"

"Iwe, za amuna izi," anatero Mavuto, yemwe pa siteji ankamutcha Buleki poti anali asanaimepo pamalo oyenera. "Lachitatu ndikugulira yatsopano, ya magiya."

Ku ofesi ya zankhalango anapeza mayi Peggy, mlendo wochokera kumpoto, wolankhula mofatsa. Anawalembetsa maina onse atatu, nkuwalipiritsa. Mantha anagulitsa wailesi kuti zikwane.

"Koma ndiyenera kuuona mtengowo ndi maso, mwini malo ali pomwepo," anatero mayiwo.

"Mwini malo ndi awa," anatero Injiniya, akukankha Mavuto.

Tsiku loyendera, Mavuto anavala jekete yobwereka, manja ake ofika kuzala, nakakhala pakhonde la a Eneya atapingasa miyendo. Bertha anali atawatsata chapatali, nkubisala m'munda wa nandolo kuseri kwa mpanda.

Galu wa pakhomopo sanauzidwe za dilu. Anauwa mwini nyumba watsopanoyo mpaka thovu.

"Galu wanu sakudziwani?" anafunsa mayi Peggy.

"Ndi wamwano basi. Anatengera kwawo kwa mayi ake."

"Ndipatseniko mpando ndi madzi akumwa."

Mavuto anagwira chitseko. Chokhoma. Anasisita m'matumba a jekete, napeza chisa cha mwini jekete.

"Makiyi apita ndi akunyumba, ali kuchigayo."

Mayi Peggy anayang'ana mtengo, anayang'ana khoma la nyumba lomwe mizu inali italing'amba, nkupita pambali ndi foni. Anaima pafupi ndi mpanda, moti Bertha anamva zonse.

"Bambo Eneya, mtengo uja munabwera kudzaunena kuofesi mwezi watha, mukudandaula kuti ndalama za chilolezo ndi za odula zakwera, pali anthu alipira kale... Eya, ndi makina omwe... Ndiwasiye? Chabwino, kwerani basi."

Atatseka foni, mayiwo anapatsa Injiniya chilolezo. Bertha anayesa kukodola mwamuna wake, kuponya kamwala, kutsokomola. Mavuto anamuona, nabwera kumpanda atakwiya.

"Bambo a Ufulu, thawani! Eni ake akubwera!"

"Iwe ndi mantha ako! Tili ndi pepala la boma ife. Pita kunyumba."

Ntchito anaigwira, tisawanamizire. Mbawa inagwa bwinobwino, osakhudza ndi lata lomwe. Anasadza nthambi, anacheka matabwa, nawasanja mwaluso pakhonde kuti angawombedwe ndi dzuwa. Mantha anasesa ngakhale utuchi, ati kufufuta umboni. Anangopuma pomwe mafuta anatha, nasiya makina pansi pa mpanda.

Dzuwa litapendeka, a Eneya anatulukira ndi chikwama chawo, kumbuyo kwawo anyamata achitetezo cha m'mudzi atanyamula zingwe. Galu anawathamangira akugwedeza mchira.

"Zikomo kwambiri, ana anga," anatero a Eneya akusisita matabwa. "Mtengo umenewu unandisowetsa tulo. Mwasesanso? Koma ndiye munaleredwa bwino."

"Madala, musatiopseze!" anakuwa Injiniya, akukupiza pepala m'mwamba. "Ife tadula mwalamulo. Onani, maina athu onse atatu, ndi chidindo chomwe!"

"Atatu? Ndiye wina uja ali kuti?" anafunsa mkulu wa achitetezo atawerenga.

Mantha, yemwe anali atalowa kale m'khola la nkhuku, anayankha yekha: "Ndili muno, bwana."

"Chilolezo ndi chodulira," anatero mayi Peggy mofatsa muja. "Chobera sitinayambe kupereka."

Pamene zingwe zinkazungulira manja, Bertha sankayang'ana mwamuna wake. Ankayang'ana makina. Akapita kupolisi ngati umboni, njinga yapita. Anamasula chitenje chapamwamba, anapisa manja pansi pa mpanda, nawakoka pang'onopang'ono. Anawakulunga bwinobwino, nkusenza pamutu ngati mtolo wa chinangwa, Ufulu ali gone kumsana. Ndani amaimitsa mayi wochokera kumunda?

Mkulu wa matabwa anawayang'ana makina ake uku ndi uku, nkutulutsa njinga.

Pamsewu wopita kupolisi, Bertha anawapeza atatu aja akuyenda mondondozana, chingwe chimodzi, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Injiniya anali akufotokozerabe achitetezo za malamulo. Bertha analiza belu kuti ngriii, gulu lonse nkupatuka.

"Mayi a Ufulu!" anafuula Mavuto, jekete itang'ambika pakhwapa. "Ndikwezeko, miyendo yatupa!"

Bertha anatsitsa phazi limodzi pansi, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chilolezo chokwerera muli nacho, bambo?"

Anapalasa, Ufulu akuseka kumsana.